Chilengezo: Tikambirana za dzina la Cobbe Barracks

Mamembala nonse olemekezeka,

Msonkhano wathu wa Loweruka likudzali uchitikira pamalo a masiku onse, ndipo nkhani yake ndi ya munthu amene ambiri timatchula dzina lake tikamadutsa pa Zomba koma osamudziwa: Alexander Cobbe.

Mzunguyu ankatsogolera 1st Battalion ya King's African Rifles (KAR), gulu la asilikali ochokera kuno kwathu. Pa 6 Okutobala 1902, ku Erego m'dziko la Somaliland, nkhondo yolimbana ndi ankhondo a Mohammed Abdullah Hassan, mtsogoleri wachisomali amene ankakana ulamuliro wa Britain, itafika povuta, asilikali ena anabwerera m'mbuyo. Cobbe anatsala yekha kutsogolo ndi mfuti ya Maxim. Anaikoka yekha n'kuyamba kuomba nayo, kenako analowanso pakati pa zipolopolo kukanyamula msilikali wovulala. Chifukwa cha zimenezi anapatsidwa Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima ku Britain. Apa n'kuti ali kale ndi mendulo ina ya asilikali, Distinguished Service Order (DSO), ya nkhondo ya ku Ashanti (m'dziko limene pano ndi Ghana) ya 1900. Anamwalira mu 1931 ali General.

Kunena mosabisa, ine chimandiwawa n'chakuti kampu yonse ija ili ndi dzina la iyeyu, pomwe agogo athu amene anakamenya nawo nkhondo m'chipululumo satchulidwa kawirikawiri. Tidzakambiranenso zimenezi momasuka.

Amene muli ndi zithunzi, mamendulo kapena makalata a makolo anu a KAR, chonde mubwere nazo. Tisunge nthawi.

Ine wanu,
Mlembi