Periodic table ili pa mafuwa, koma ana athu akungoiloweza

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga a sayansi komanso makolo. Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndimakhala ku Balaka, ndipo chandilembetsa kalatayi ndi mdzukulu wanga wamkazi yemwe ali Fomu 3.

Mwezi wathawu ndinamumva madzulo ali pakhonde akubwereza ngati nyimbo mayina a pa periodic table, tebulo la maelementi, zinthu zoyambirira zomwe zimapanga chilichonse: hydrogen, helium, lithium, beryllium, mpaka kukafika pa calcium, ya nambala 20. Sanaphonyepo n'limodzi lomwe. Ndinakondwa, kenaka ndinamufunsa kuti potassium, yomwe anali atangoitchula pa nambala 19, anaionapo kuti. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Agogo, zimenezitu n'za mu labu, ife kusukulu kwathu labu kulibe." Nthawi yomweyo agogo ake aakazi anali kuseri akutcheza chidulo choti athire mu therere.

Mtima unandiwawa chifukwa potassium anali pomwepo, akudontha m'kambale. Mukawotcha mapesi kapena makoko a nyemba, phulusa lotsalalo limakhala ndi potassium wambiri. Mukathira madzi, amasungunuka n'kutsika nawo, ndipo madzi amenewo ndi amene amafewetsa ndiwo. Dzina lenilenilo linachokera ku potash, phulusa lomwe ku Ulaya ankaliviika m'madzi n'kuwiritsa madziwo mumphika, ntchito yofanana ndi ya amayi athu. Humphry Davy wa ku England ndiye anayamba kumupatula payekha mu 1807. Ndinaitana mwanayo kukhitchini n'kumufunsa kuti chidulo chikasowa agogo ake amathira chiyani. Anati soda. Ndinati ayang'ane pa tebulo lake kuti sodium wa mu soda ali pati. Anamupeza pamwamba penipeni pa potassium, mumzere umodzi wotsika. Anakhala chete, kenaka anati, "Ndiye kuti n'pachibale?"

Inde, n'pachibale, ndipo nkhani yonse ya tebulo limeneli yagona pamenepo. Atomu, kachidutswa kakang'ono zedi ka elementi, ili ndi phata pakati, momwe muli mapulotoni ndi manyutironi, ndipo kunja kwake kuli maelekitironi okhala m'magawo. Nambala ya elementi ndi chiwerengero cha mapulotoni ake. Sodium ali ndi maelekitironi 11, okhala 2, 8, 1. Potassium ali ndi 19, okhala 2, 8, 8, 1. Onse awiri ali ndi kamodzi kotsalira kunja, komwe sachedwa kukataya, n'chifukwa chake khalidwe lawo limafanana ngati ana a mimba imodzi. Chlorine yemwe ali kutsidya lina la tebulo ali ndi 2, 8, 7, akuperewera kamodzi. Wina ali n'chotsala, wina akusowa. Akakumana sodium ndi chlorine mumapeza mchere womwe timathira m'ndiwo. Mdzukulu wanga manambala amenewa ankawadziwa onse pamtima. Chomwe sanauzidwepo n'chakuti akunena za mchere wa m'nyumba mwake.

Sindikuloza chala aphunzitsi. Ineyo ndinaphunzitsapo pasukulu ina yoyendera yomwe inalibe labu, buku la sayansi linali limodzi kwa ana khumi, ndipo tebulo ndinkalijambula ndekha papepala la thumba la simenti. Ndikudziwa mmene mayeso a MSCE amathamangitsira munthu. Komabe kulowezetsa ana popanda kuwaonetsa chinthu n'kuwamana gawo lokoma kwambiri la phunziroli, ndipo zambiri zowaonetsa sizifuna ndalama.

Tengani thumba la feteleza. Mlimi aliyense wachikulire amadziwa 23:21:0+4S, ngakhale amene sanapite patali ndi sukulu. Nambala yoyamba ndi ya nitrogen, yachiwiri ya phosphorus, yachitatu ya potassium, ndipo S ndi sulphur. Ziro ali pachitatuyo akutiuza kuti m'thumbamo potassium mulibe. Feteleza wokulitsa amene wafala masiku ano, 23:10:5+6S+1Zn, ali naye, ndipo anaonjezamo zinc. Urea wobereketsa ali ndi nitrogen yekha, magawo 46 pa 100 alionse. Mwana atabwera ndi thumba lopanda kanthu m'kalasi n'kupeza maelementi asanuwo pa tebulo, madzulo angakathe kufotokozera bambo ake chomwe akugula ndi ndalama za fodya. Chimodzimodzi paketi ya mchere: iodine wolembedwa pamenepo, nambala 53, ndi amene amateteza anthu ku chithokomiro.

Chinanso chomwe ana sauzidwa ndi mbiri ya tebuloli, chonsecho ndi yomwe imagwira mtima. Dmitri Mendeleev anabadwira ku Tobolsk, ku Siberia, ndipo ankaphunzitsa ku St Petersburg. Mu 1869 anasanja maelementi 63 omwe ankadziwika potsata kulemera kwa maatomu ake, ndipo anaona kuti makhalidwe ankabwererabwerera monga masiku a sabata. Pomwe panalibe elementi yoyenera sanakakamize, anasiya mpata n'kulemba mmene mwini malowo adzaonekere akadzapezeka. Mu 1875 Lecoq de Boisbaudran wa ku France anapeza gallium. Atamuyeza kulemera kwake poyerekeza ndi madzi ochuluka mofanana (density) anapeza 4.7, Mendeleev, yemwe anali asanamuonepo n'komwe, anamuuza kuti ayezenso chifukwa iye ankayembekezera pafupifupi 5.9. Atamuyeretsa bwino n'kuyezanso, anapeza 5.9. Scandium anapezeka mu 1879, germanium mu 1886, onse m'mipata yomwe anawasungira. Ndinkati ndikafika apa m'kalasi, ngakhale anyamata a kumbuyo aja ankatchera khutu. Ndinkawaonjezera kuti gallium ndi chitsulo chomwe chimasungunuka kutentha kukangofika madigiri 30, kotero kuti ku Nsanje mu Okutobala chingayenderere pa tebulo.

Mendeleev ankasanja zimenezi osadziwa za mkati mwa atomu. Elekitironi anadzaipeza J.J. Thomson mu 1897. Ku Manchester, Hans Geiger ndi Ernest Marsden ankawombera tizidutswa ting'onoting'ono pa kapepala ka golide kopyapyala. Pafupifupi tonse tinkangopyola, koma tina tochepa tinkabwerera. Apa ndi pomwe Ernest Rutherford anazindikira mu 1911 kuti pafupifupi kulemera konse kwa atomu kunaunjikana pa phata laling'ono zedi. Atomu ikanakhala yaikulu ngati bwalo la Kamuzu Stadium, phatalo likanakhala ngati njere ya mapira pakati pa bwalo. Ndiyeno mu 1913 mnyamata wina, Henry Moseley, anaonetsa kuti chomwe chimaika elementi pamalo pake ndi nambala yake, osati kulemera. Patangopita zaka ziwiri anaphedwa pankhondo ku Gallipoli ali ndi zaka 27. Lero tebuloli lili ndi maelementi 118.

Akonzi, pali chifukwa china chomwe chikundisowetsa tulo. Kuno ku Balaka tili ndi phiri la Kangankunde. Miyala yake ili ndi maelementi a mumzere uja umalembedwa pansi pa tebulo paokha, womwe ana amaudumpha poti subwera pamayeso. Mmodzi mwa iwo ndi neodymium, nambala 60, yemwe amapangira maginito amphamvu a m'galimoto zoyendera magetsi ndi makina opukusa magetsi ndi mphepo. Ku Songwe Hill ku Phalombe kulinso a banja lomwelo. Ku Kanyika ku Mzimba kuli niobium, ku Kasiya ku Lilongwe kuli mchenga wa titanium, ndipo ku Kayelekera ku Karonga anayamba kukumba uranium, nambala 92, mu 2009. Alendo akabwera pa malo amenewa amadziwa chomwe akufuna, dzina lake ndi mtengo wake. Ife eni nthaka timangoti "miyala ya mtengo wapatali". Mfumu ikakhala pansi ndi kampani, kapena phungu akamavotera mgwirizano wa migodi, adzafunsa bwanji mafunso oyenera ngati m'mudzi monse mulibe wodziwa kuti akutenga chiyani? Ana omwe ali Fomu 3 lero ndi amene adzakhale pa mipando imeneyo.

Pempho langa kwa inu ndi ili. Tsiku lina perekani tsamba lathunthu musindikize tebulo lonse, ndi zilembo zazikulu, ndipo pa maelementi omwe tili nawo kuno mulembepo m'Chichewa komwe amapezeka: mu chidulo, mu feteleza, mu mchere, mu malata, ku Kangankunde. Nyuzipepala imafika kusukulu zomwe matchati ogula sanafikeko, ndipo mphunzitsi angaimate pakhoma ndi phala la ufa. Kwa aphunzitsi anzanga, musanalembe mayina 20 aja pa bolodi, tumani mwana abwere ndi phulusa, wina soda, wina thumba la urea.

Mdzukulu wanga sabata yathayi ananyamula chidulo m'kabotolo kupita nacho kusukulu. Akuti aphunzitsi ake anaviikamo kapepala ka litmus kofiira, komwe kamasintha mtundu kakakhudza madzi onga a soda, kanasanduka kobiriwira ngati mtambo, ndipo mnzake wina anafunsa ngati phulusa la nkhuni nalo lingachite chimodzimodzi. Awauza kuti Lolemba abwere nalo.

Mphunzitsi wopuma,
Balaka