Kalata yochokera ku Calgary: za Jarome Iginla

Aise mnzanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti chisanu chafika pachimake.

Mu uthenga wako uja unandifunsa kuti zatani kuti ine, amene tinakulira limodzi tikumvera mpira pa wailesi, masiku ano ndizingokamba za hockey ya pa ayezi. Unati kwa iwe amenewa ndi anthu ongothamangitsana ndi ndodo basi. Yankho lake silikanakwana pa foni, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba. Ndikufuna ndikuuze za munthu mmodzi, Jarome Iginla, pakuti ndi iye amene anandikondetsa masewerawa. Pamene ndinkafika kuno n'kuti ali kaputeni wa Calgary Flames, ndipo jezi yake ya nambala 12 unkaiona paliponse, m'sitima, m'misika, ngakhale pa ana akhanda.

Uyambe wadziwa ntchito imene ankagwira. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 pa ayezi: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri, ndi akutsogolo atatu. Iginla ankasewera kutsogolo chakumanja. Masewera amatenga mphindi 60, zogawidwa m'zigawo zitatu za mphindi 20. Liwiro lake ndi loti wosewera kutsogolo nthawi zambiri satha ndi mphindi imodzi yomwe ali m'bwalo. Amadumpha kampanda n'kukapuma, mnzake n'kulowa, masewera osaima. Amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chakuthwa kunsi, ndipo m'malo mwa mpira amalimbirana puck, kachimphira kakuda kolimba ndi kophwatalala. Kugundana ndi thupi n'kololedwa. Ndiye tangoganiza, mu NHL, ligi yaikulu ya kuno ku Canada ndi ku America, timu imasewera masewera oposa 80 pa sizoni isanafike n'komwe m'ndime zachipulula. Amawerengera munthu pointi imodzi akagoletsa, imodzinso akapatsira amene wagoletsa.

Iginla anabadwira ku Edmonton pa 1 July 1977. Bambo ake anachokera ku Nigeria, mayi ake ku America. Banja linatha iye ali wamng'ono, ndipo analeredwa ndi mayi ake ndi agogo ake m'tauni ya St. Albert. Poyamba ankakhala pagolo, potengera Grant Fuhr, goloboyi wakuda wa Edmonton Oilers. Zimenezi usazione zazing'ono. Munthu wakuda woyamba kusewera mu NHL anali Willie O'Ree, mu 1958, ndipo ngakhale m'zaka za m'ma 1980 osewera akuda anali owerengeka. Mwana wakuda akanena kuti adzasewera mu NHL, anzake ankamukayikira. Iginla wakhala akufotokoza kuti chimene chinkamulimbitsa mtima n'chakuti anali ndi mayina oti awatchule, ndipo la Fuhr linali patsogolo. Ana anga akulira m'dziko lino, choncho nkhani imeneyi ndimaimva mpaka m'mafupa.

Ali wachinyamata anasewera ku Kamloops Blazers, n'kutenga nawo chikho cha Memorial Cup kawiri, mu 1994 ndi 1995. Chaka chomwecho cha 1995 timu ya Dallas Stars inamusankha pa nambala 11 pa mwambo umene matimu amagawana achinyamata, koma sanaisewerere ndi tsiku limodzi lomwe. Mu December anamupereka ku Calgary posinthana ndi Joe Nieuwendyk, katswiri amene masapota a kuno ankamukonda kwambiri. Ndiye uone katundu amene mnyamatayu anasenza: wabwera m'malo mwa dolo, komanso ndi mwana wa ku Edmonton, mzinda umene pa hockey suonana diso ndi Calgary.

Chimene ndimamulemekezera kwambiri ndi kusasintha kwake. Anamwetsa zigoli zosachepera 30 kwa masizoni 11 otsatizana, ndipo nthawi zambiri analibe mnzake wa msinkhu wake womupatsira. Matimu onse ankadziwa kuti ukatseka Iginla watseka Calgary, koma ankalepherabe. Mu sizoni ya 2001-02 anamwetsa zigoli 52 ndi kupeza mapointi 96, kuposa aliyense mu ligi, pamene timu yake inalephera kufika m'ndime zachipulula. Mphoto ya Hart, ya wosewera wofunika koposa, anafanana mavoti ndi goloboyi wa Montreal, José Théodore, ndipo inapita kwa Théodore chifukwa ndiye amene anthu ambiri anamuika pa nambala 1. Kwa ine mphotoyo inali ya Iginla, ndipo kuno ndilibe wotsutsana naye.

M'February 2002 ku Salt Lake City anamwetsa zigoli ziwiri mu fainolo ya Olympics, Canada n'kugonjetsa America 5-2. Dziko limene limadzitcha mwini wa hockey linali litatha zaka 50 osalawa golide wa masewerawa. Iginla anakhala mwamuna wakuda woyamba kupata mendulo ya golide pa Olympics ya nyengo yachisanu. Komweko anamva za masapota anayi ochokera ku Calgary amene ankagona m'galimoto posowa malo, ndipo anawalipirira hotela mwakachetechete. Analinso ndi chizolowezi chopereka ndalama ku bungwe la KidSport pa chigoli chilichonse, poyamba madola 1,000, kenako 2,000, kuti ana osauka athe kuchita masewera. Zida za hockey n'zodula zedi, makolo ambiri kuno amazilephera.

Tsopano 2004. Ukadzafika kuno, usadzatchule chaka chimenechi mwachibwana. Iginla anali atangopatsidwa ukaputeni mu 2003, ndipo Calgary inali isanalowe m'ndime zachipulula kuyambira 1996. Palibe amene ankaiwerengera. Koma inatulutsa Vancouver, kenako Detroit, kenako San Jose, onsewo matimu amene anatsogola m'zigawo zawo. Usiku uliwonse wa masewera anthu ankadzaza msewu wa 17th Avenue atavala zofiira, mpaka unapatsidwa dzina loti Red Mile. Mu fainolo ya Stanley Cup, chikho chachikulu cha NHL, anakumana ndi Tampa Bay Lightning. Kuno fainolo si ya tsiku limodzi ayi: amene wayamba kupambana masewera anayi ndiye mwini chikho.

M'masewera achitatu Iginla anavula magolovesi n'kuponyerana zibakera ndi Vincent Lecavalier, katswiri wa Tampa. Ndewu za m'masewerawa ine sindizikonda, ndipo ndimasangalala kuti zikuchepa, koma tsiku limenelo anzake anaona kuti kaputeni wawo sakutuma wina. M'masewera achisanu, nthawi yowonjezera, chisoti chinamuvuka, iye osatuluka, anapitiriza kulimbana mutu uli pamtunda mpaka anawombera puck imene Oleg Saprykin anamalizitsa. Calgary inatsogola 3-2, n'kubwerera ku bwalo lawo la Saddledome ikusowa kupambana kamodzi kokha.

Chakumapeto kwa masewera achisanu ndi chimodzi, zigoli zili 2-2, puck inagunda nsapato ya Martin Gélinas wa Calgary n'kulunjika ku golo la Tampa. Goloboyi Nikolai Khabibulin anaibweza ndi mwendo, koma pa zithunzi zina imaoneka ngati inali itadutsa kale mzere. Oyimbira sanaimitse masewera. A ligi anati panalibe umboni wokwanira, anthu a kuno mpaka lero amati inalowa. Martin St. Louis anagoletsera Tampa m'nthawi yowonjezera yachiwiri, ndipo masewera omaliza Tampa inapambana 2-1. Iginla anali atamwetsa zigoli 13 m'ndimezo, kuposa wina aliyense. Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti sizoni yotsatira yonse sinaseweredwe chifukwa cha mkangano wa malipiro pakati pa eni matimu ndi osewera. Anali ndi zaka 27, mphamvu zili pachimake, ndipo chaka chathunthu chinangopita. Fainolo ya Stanley Cup sanaionenso.

Ngati ungapeze kanema mmodzi yekha pa intaneti, ufufuze wa pa 28 February 2010 ku Vancouver. Fainolo ya Olympics, Canada ndi America kachiwiri. America inabweza chigoli patatsala masekondi 24, zinthu n'kukhala 2-2. M'nthawi yowonjezera Iginla anapanikizidwa kukhoma ndi Ryan Suter. Sidney Crosby anakuwa kuti "Iggy!", ndipo Iginla, akugwa, anakankhira puck kwa iye. Crosby anagoletsa. Dziko lonse limatchula Crosby, ndipo m'pomveka. Koma iwe ukamaonera, maso ako akhale kukhomako. Munthu amene moyo wake wonse ankamwetsa yekha zigoli, pa mphindi yaikulu chotere anagwira ntchito ya thukuta, yosaoneka, n'kupereka ulemerero kwa mnyamata wochepa kwa iye ndi zaka 10.

Zaka zomaliza zinali zosakasaka chikho. Mu March 2013 Calgary inamulola kupita, ndipo iye anasankha Pittsburgh m'malo mwa Boston, koma Boston yomweyo ndi imene inatulutsa Pittsburgh 4-0. Anadzapita ku Boston, kenako Colorado, n'kumalizira ku Los Angeles mu 2017. Ena amati akanangokhala pa Calgary mpaka mapeto. Ine sindimuweruza. Anapereka masizoni 16 ku timu imodzi, zigoli 525, ndipo anali ndi ufulu wokayesa kwina. Analengeza zopuma mu July 2018 ali ndi zigoli 625 ndi mapointi 1,300 m'masewera 1,554. Anasankhidwa kulowa mu Hockey Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a masewerawa, mu 2020, chaka choyamba chimene anali woyenera.

Ndikudziwa zimene unene, chifukwa timakangana zomwezi pa nkhani za mpira: kuti wopanda chikho si dolo weniweni. Undiyankhe bwinobwino ukaona kanema uja. Mwana wake, Tij Iginla, anasankhidwa ndi timu ya Utah pa nambala 6 mu 2024, kuposa nambala ya bambo ake, ndipo naye amasewera kutsogolo. Ndikumutsatira.

Za ulendo wako uja, usazengereze. Akumanga bwalo latsopano pafupi ndi Saddledome, ndipo lakalelo lidzagwetsedwa. Ndikufuna udzalowemo likadalipo, udzaone nambala 12 imene anaipachika kudenga mu March 2019. Jekete yolimba usavutike kugula, ndili nazo ziwiri. Undiperekere moni kwa amayi, uwauze kuti nsinjiro zija zinafika bwino.

Ndine mnzako wa kale,
wa ku Calgary