Lipoti la Msonkhano: Mmene IBM MQ Imapangira Mayina a Mizere ya Mauthenga

A Wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la akatswiri a makompyuta kuno ku Kasungu, ndikupereka lipoti la msonkhano umene munandituma ku Lilongwe. Gawo limene likutikhudza kwambiri linali la mizere ya mauthenga imene pulogalamu imadzipangira ikamagwira ntchito, makamaka poyembekezera yankho.

Mu IBM MQ, njira ya kampani ya IBM yopatsirana mauthenga pakati pa mapulogalamu, imene inayamba m'chaka cha 1993 ndi dzina la MQSeries, pulogalamu imatsegula model queue (mzere wachitsanzo) kudzera mu lamulo la MQOPEN, ndipo queue manager (pulogalamu yoyang'anira mizere) imatengera makhalidwe a mzere wachitsanzowo n'kupanga mzere watsopano. Dzina limachokera pa zimene zalembedwa mu DynamicQName, malo amene pulogalamu imalembamo dzina limene ikufuna. Mukapanda kusinthamo kanthu mumakhala AMQ.*, koma pa makompyuta akuluakulu a IBM oyendera z/OS mumakhala CSQ.*. Nyenyezi yakumapetoyo imachotsedwa, ndipo m'malo mwake mumalowa zilembo ndi manambala osankhidwa kuti dzinalo lisafanane ndi lina lililonse pa queue manager imeneyo. Popeza dzina la mzere silipitirira zilembo 48, nyenyezi siiloledwa kupyola malo a 33, kuti zowonjezerazo zipeze pokwana. Wolemba dzina lathunthu lopanda nyenyezi amalipeza monga walilembera, koma ngati lilipo kale pempho limakanidwa ndi nambala ya vuto 2100.

RabbitMQ, pulogalamu ina ya mizere ya mauthenga, inangotchulidwa mwachidule: mukasiya dzina lopanda kanthu, imapanga lake loyamba ndi amq.gen-.

Chimene ndikupempha kuti tichiganizire mofatsa ndi chiyambi cha dzinalo. Mapulogalamu onse akasiyidwa pa AMQ.*, woyang'anira amaona mndandanda wa mayina ofanana ngati mabelo a fodya opanda chizindikiro cha mlimi, ndipo sangadziwe msanga mwini wa mzere umene wadzaza. Vutoli limakula pa mizere yokhalitsa yotchedwa PERMDYN, chifukwa imeneyi imakhalabe mpaka wina ataifufuta, pamene yakanthawi yotchedwa TEMPDYN imachoka yokha pulogalamu imene inaipanga ikaitseka, ngakhale kuti siilandira mauthenga oyenera kusungika makina akazima. Ife amene magetsi amatithimira kawirikawiri tisaipeputse mfundo yomalizayi.

Maganizo anga ndi akuti pulogalamu iliyonse ikhale ndi chiyambi chakechake, monga MALIPIRO.* pa yolipira alimi, chifukwa chilolezo chingaperekedwe pa chiyambicho kamodzi m'malo mochipereka pa AMQ yonse. Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira aliyense abwere ndi mayina a mapulogalamu amene akuyang'anira, kuti tigwirizane za chiyambi cha iliyonse chosapitirira zilembo 32.