Zoimbaimba za usiku umodzi sizingadzutse tauni ya Blackpool

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa maganizo amene ndimawamva kawirikawiri, akuti gulu lotchuka loimba likapita kukaimba m'tauni ya m'mbali mwa nyanja imene inazilala, tauniyo imadzukanso. Ndimakhala kumpoto chakumadzulo kwa England, ndipo m'nyengo yozizira yapitayi ndinapita ku Blackpool kukaonera gulu lina loimba nyimbo za rock m'holo ya Empress Ballroom. Zimene ndinaona usiku umenewo ndinazikonda ndi mtima wonse, koma zimene ndinaona kutacha ndi zimene zandichititsa kulemba kalatayi.

Holoyo inatsegulidwa mu 1896 kuti anthu azivinamo awiriawiri, ndipo ili m'kati mwa chinyumba cha Winter Gardens chimene chinayamba kulandira alendo mu 1878. Denga lake ndi lokhota, lokongoletsedwa mwaluso, ndipo nyali zikuluzikulu zimalendewera pamwamba pa anthu. Pansi pake anayala matabwa opangidwira kuvina, moti woimba ng'oma atangoyamba ndipo anthu pafupifupi 3,000 n'kulumpha nthawi imodzi, ndinamva matabwawo akutsika ndi kukwera kunsi kwa mapazi anga. Phokoso la magitala linkagunda pachifuwa. Pafupi nane panali bambo wina wa imvi ndi mwana wake wamkazi, onse akuimba mawu a nyimbo iliyonse osaphonya, ndipo makoma amene kunja anali ozizira anali atanyowa ndi nthunzi ya anthu. Amene amati nyimbo zotere n'zongosokosa sanaimepo pakati pa khamu lotero.

Holoyi ndi nyimbo za rock zinadziwana kalekale, ndipo sizinayambe mwamtendere. Pa 24 Julayi 1964 gulu la Rolling Stones linaimba momwemo, koma zoimbazo zinathera m'chipolowe, anthu ataphwanya mipando, nyali ndi piyano, ndipo khonsolo inaletsa gululo kuimbanso m'tauniyo mpaka pamene inachotsa chiletsocho mu 2008. Gulu la Stone Roses linaimbamo mu Ogasiti 1989, a White Stripes anajambuliramo zoimba zawo mu 2004, ndipo mwezi wa Ogasiti chaka ndi chaka okonda nyimbo za punk amadzaza Winter Gardens pa chikondwerero cha Rebellion. Ndiye ngati zoimbaimba pazokha zikanakhala mankhwala, Blackpool ikanachira zaka zambiri zapitazo.

Matenda a tauniyi ali ndi mizu yake. Blackpool inakula chifukwa cha sitima yapamtunda, imene inafika mu 1846, komanso chifukwa cha mafakitale a nsalu za thonje a m'chigawo cha Lancashire, momwe muli tauniyi, amene ankatseka kwa sabata yathunthu chaka chilichonse, tauni ina sabata ino, ina sabata yamawa, ndipo antchito ndi mabanja awo ankakhamukira kunyanja. Nsanja yotchuka ya mamita 158 imene inatsegulidwa mu 1894 inamangidwira anthu amenewa. Mlendo wa nthawi imeneyo ankagona masiku asanu ndi awiri, kudya m'nyumba imene wafikira ndi kusiya ndalama zake m'tauni momwemo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 maulendo a ndege opita ku Spain anatsika mtengo, mabanja anasankha kumene dzuwa silikayikitsa, ndipo mafakitale aja nawonso anatsekedwa limodzi ndi limodzi. Nyumba zambiri zogona alendo zitasowa alendo, eni ake anazigawa timazipinda totsika mtengo tochitira lendi, ndipo timeneti tinakoka anthu osauka ndi odwala ochokera m'madera ena. Ziwerengero za boma za mu 2019 zinaonetsa kuti mwa madera khumi osaukitsitsa mu England yense, asanu ndi atatu anali mu Blackpool, ndipo amuna a m'tauniyi amakhala ndi moyo zaka zochepa kuposa amuna a kwina kulikonse mu England.

Tsopano taonani zimene zinachitika oimba atatsika pa siteji. Pasanathe theka la ola khamu lija linali litamwazikana, ena akuthamangira sitima yomaliza, ena kumene anaimika magalimoto awo. Ndalama yaikulu ya usiku umenewo inali m'matikiti, ndipo ndalama ya matikiti imagawidwa pakati pa oimba, okonza zoimbazo ndi kampani zogulitsa matikiti, amene ambiri mwa iwo sakhala m'tauniyo. Zimene zinatsalira Blackpool ndi lendi ya holo, malipiro a maola ochepa a alonda ndi ogulitsa zakumwa, ndi kangachepe kamene anapeza oyendetsa matakisi. Sindikupeputsa zimenezi, pakuti kwa munthu amene ntchito yake imatha nyengo yotentha ikatha, malipiro a usiku umodzi ndi chakudya cha ana. Koma sizingafanane ndi mlendo wa masiku asanu ndi awiri uja.

Ine ndinagona konko, m'nyumba ina ya alendo imene zipinda zake zambiri zinali zopanda anthu. M'mawa ndinayenda m'misewu ya kuseri kwa msewu waukulu wa m'mbali mwa nyanja, ndipo ndinapeza masitolo otsekedwa ndi malata, nyumba zosuluka utoto ndi mchere wa m'nyanja, ndi anthu ongokhala pakhomo opanda kopita. Chimene chinandipweteka kwambiri chinali achinyamata angapo, ovala malaya olembedwa dzina la gulu la dzulo lija, amene ankajambula zitseko zotsekedwazo akuseka ngati kuti umphawi wa anzawo ndi chinthu chokaonera. Pali oimba ndi okonda nyimbo amene amasankha matauni otere chifukwa kuzilala kwake kumaoneka bwino pa zithunzi, ndipo khalidwe limeneli ndimadana nalo, chifukwa m'nyumba zimenezo mumakhala anthu amene sanapemphe kuti akhale chokongoletsera cha wina.

Chimene ndikukhulupirira kuti chingathandize si usiku umodzi wa gulu lalikulu ayi, koma zoimbaimba zochitika mobwerezabwereza m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Januwale mpaka Malichi, pamene magetsi otchuka okongoletsa m'mbali mwa nyanja azimitsidwa ndipo alendo kulibe. Zoimba za masiku angapo otsatizana, monga za Rebellion zija, zimachititsa anthu kugona ndi kudya m'tauni momwemo, ndipo mwini nyumba ya alendo akadziwa kuti kudzakhala anthu mwezi ndi mwezi sachotsa antchito ake. Khonsolo ya Blackpool inagula Winter Gardens pamodzi ndi nsanja ija mu 2010, choncho holoyi ili m'manja mwa anthu a m'tauniyo, ndipo ili ndi mpata wopereka masiku ena kwa magulu achinyamata a komweko, amene sangakwanitse lendi imene gulu lotchuka limalipira.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, n'lakuti atolankhani anu akamalemba za zoimbaimba zotere asamathere pa kuwerenga matikiti amene agulidwa. Afunse kuti ndi angati mwa oonerawo amene anagona m'tauniyo, ndi anthu angati a komweko amene analembedwa ntchito usiku umenewo, ndiponso kuti holoyo idzatsegulidwanso liti.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu,
Lancashire, England