Chilengezo: Ulendo wa ku Nyanga

Mamembala nonse a gulu la maulendo,

Ulendo wokagona m'matenti ku Nyanga, kumapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe, ulipo Lachisanu likudzali. Kombi (minibasi) idzanyamuka pa siteshoni ya mabasi ya Mbare Musika ku Harare 6 koloko m'mawa, kudzera ku Marondera ndi Rusape. Tidzabwerako Lamlungu madzulo.

Aliyense apereke $30 ya mafuta ndi malo ogona, pamanja kapena pafoni kudzera pa EcoCash, pasanafike Lachitatu.

Kombi ndi imodzi, malo ndi ochepa. Chikwama chikhale chimodzi, chofewa cholowa pansi pa mpando, osati sutikesi. Bulangete lochindikala, juzi ndi masokosi musasiye, chonde. Kuja n'kumapiri, usiku kumazizira mpaka zala kuuma, ndipo ana ndiwo amavutika kwambiri. Tenganinso tochi, mkeka, mbale, kapu, sopo, chitupa ndi mankhwala anu.

Ufa, mapoto ndi mbaula ya gasi tinyamula ife a komiti. Ndiwo tisonkherana.

Amene muli ndi tenti, tiuzeni. Yankhani pofika Lachiwiri kuti tikusungireni mpando.