Kwa mdzukulu wanga amene akudwala njoka zam'mimba

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Amayi ako andiuza pafoni kuti unalira kwambiri kuchipatala, adokotala atanena kuti m'chimbudzi chako apezamo mazira a njoka zam'mimba za mitundu itatu. Pukuta misozi, mwana wanga. Si njoka zoluma zakutchire zija ayi, ndi nyongolotsi, ndipo palibe chimene walakwa. Zimakonda kubwera pamodzi chifukwa zonse zitatu zimadikira pamalo amodzi, m'dothi pamene munthu anachitapo chimbudzi.

Yoyamba ndi yaikulu ija, imene imatha kutalika masentimita 35, kuposa rula yako yakusukulu. Yaikazi imodzi imaikira mazira okwana 200,000 pa tsiku! Ndi tating'ono kwambiri moti maso sangatione, n'chifukwa chake adokotala anachita kuyang'ana pa maikulosikopu. Mazirawo amakhwimira m'dothi kwa milungu ingapo, kenako amabisala m'zikhadabo kapena pachipatso chimene watola pansi n'kudya osatsuka. Yachiwiri imaoneka ngati kachikwapu, nayonso imalowera pakamwa, ndipo ikachuluka imatsegulitsa m'mimba.

Yachitatu ndiyo ikundisowetsa tulo. Tiana take timaboola khungu lakumapazi ukamayenda pansi ponyowa osavala nsapato. Timayenda ndi magazi mpaka m'mapapo, timakwera kukhosi, iwe n'kutimeza osadziwa. Ikafika m'matumbo imakakamira ndi timano take n'kumayamwa magazi ako. Ukukumbukira utabwera kudzandiona, anzako akusewera panja iwe uli gone pakhomo, mbale yako osaikhudza n'komwe? Ndinakukalipira kuti ndi ulesi. Madzulo ake ndinakutsitsa chikope ndi chala, mkati muli mbuu m'malo mokhala mofiira, koma sindinaganize za njoka. Undikhululukire, agogo ako ndinachedwa kuzindikira kuti magazi akuchepa.

Mankhwala akupatsawo, albendazole, amagwira zonse zitatu. Ya chikwapu ndi yamakani, choncho ngati adokotala anena masiku atatu, umalize atatu onsewo ngakhale m'mimba musiye kupweteka. Ukaona nyongolotsi yatuluka ndi chimbudzi usathawe, ungoitana amayi. Ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito.

Koma mvetsa izi. Mankhwala amapha zimene zili m'mimba lero, sakutchinga zamawa. M'thupi mwako sizingachulukane zokha, iliyonse inachita kulowa kuchokera kunja. Ndiye uzisamba m'manja ndi sopo ukachoka kuchimbudzi ndiponso usanadye, mpaka pakati pa zala, ndipo amayi azikuwenga zikhadabo. Mng'ono wako uja amene amaika chilichonse m'kamwa, ndawauza amayi kuti nayenso akamuonetse kuchipatala.

Ndakutumizira nsapato zofiira, zokulirapo pang'ono kuti zikukhalitse. Uzizivala ngakhale pothamangira kuchimbudzi m'mamawa. Ndikadzabwera ndidzakutsitsanso chikope chija, ndikufuna ndidzapeze muli psuu.

Ndine,
Agogo ako okukonda