Opita kukayenda ku Dzalanyama, dzerani kaye kwa amfumu

Akonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi aphunzitsi, magulu a achinyamata a m'mipingo ndi mabanja a mu mzinda wa Lilongwe amene ayamba kukonda kukayenda ku nkhalango ya Dzalanyama. Chidwi chimenechi tikufuna chikule, chifukwa aliyense wotsegula mpopi ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 25 akumwa madzi otsika m'mapiri amenewa. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'menemo, n'kudzadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la mu 1966 ndi lachiwiri la mu 1989. Chotidetsa nkhawa ndi kanyamukidwe ka alendo ena: patapata kuphazi, chokuzira mawu m'manja, botolo limodzi la madzi anthu atatu. Kumene akupitako ndi nkhalango ya mahekitala oposa 98,000, yotetezedwa kuyambira 1922, yokhudza maboma a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji, ndipo kuseri kwa mapiriwo kuli Mozambique, popanda mpanda wokuuzani kuti mwadumpha malire.

Kuchokera m'tauni kudzera ku Likuni ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 60, koma werengerani maola awiri, chifukwa phula likatha mumayenda m'fumbi ndi m'makumbi. Nthawi ya dzinja galimoto yotsika pansi isayerekeze. Dothi la m'madambo likanyowa limaterera ngati therere ndipo matayala amangozungulira pamalo amodzi. Tengani tayala lapadera lopopa bwino, jeke, chingwe chokokera ndi khasu. Mafuta thirani a ulendo wonse, kupita ndi kubwerera. M'mawa mudzakumana ndi njinga zosenza matumba a makala ndi nkhuni zosanjikiza kuposa mutu wa mwini wake. Njinga yotere singaime msanga kapena kukhota mwadzidzidzi, choncho chepetsani liwiro ndipo ipatseni njira yokwanira.

Musanalowe m'nkhalango pali makomo awiri ogogoda. Loyamba ndi la ogwira ntchito ku nthambi ya zankhalango. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, silola kudula, kuyatsa moto kapena kutulutsa zinthu m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo. Auzeni kuti muli angati, mulowera kuti ndipo mutuluka nthawi yanji, kuti dzuwa likapendeka musanaoneke adziwe koyambira kukufunani. Khomo lachiwiri ndi la amfumu kapena anyakwawa a mudzi umene mukusiyapo galimoto. Odirani muli chapatali, khalani pansi akakupatsani mkeka, dikirani moni, kenako fotokozani ulendo wanu. Kangachepe ka sopo, shuga kapena mchere n'kokwanira. Amfumu ndi amene angakupatseni munthu wodziwa njira, ndipo mugwirizane naye malipiro musananyamuke, pamaso pa anthu, kuti pobwera pasakhale kukokanakokana.

Wotsogolera ameneyu musamuone ngati chinthu chongowonjezera. M'nkhalango ya miombo zitunda zimafanana, ndipo tinjira ta otola nkhuni, osaka mbewa ndi owotcha makala tagawikana paliponse. Kanjira kopondedwa kwambiri nthawi zambiri kamakathera pa uvuni wa makala. Foni m'zigwa imataya netiweki, pamwamba pa zitunda nthawi zina imakoka ya ku Mozambique. Gulu likhale ndi wamkulu kutsogolo ndi wina kumbuyo kwenikweni, ndipo ana awerengedwe paliponse pamene mwapumula. Wamkulu mmodzi asayang'anire ana oposa khumi.

Za nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Julayi kuyenda n'kosavuta, mitsinje ili ndi madzi oyera, koma m'mawa kumazizira kolowa m'mafupa ndipo udzu umakhala utatalika. Amene akufuna kuona kukongola kwa miombo apite chakumapeto kwa Ogasiti kapena mu Sepitembala. Pa nthawiyo mitengo ya tsamba ndi mombo imaphuka masamba atsopano mvula isanagwe n'kadontho komwe, ofiira ngati magazi, ena ofiirira ngati mkuwa, ndipo pakapita masabata ochepa onse amasanduka obiriwira. Ukathyola limodzi umaona kuti ndi lofewa, lonyezimira, dzuwa likudutsamo. Okutobala ndi wotentha ndiponso wa moto wolusa. Masuku amapsa mvula ikamayandikira mpaka chakumapeto kwa chaka, ndipo bowa amachuluka kuyambira Disembala mpaka Malichi.

Yambani kuyenda isanakwane 7 koloko. M'mapiri munthu wamkulu amayenda makilomita atatu pa ola, ana makilomita awiri okha, ndiye ulendo wa makilomita 8 kapena 10 kupita ndi kubwera ndi wokwanira tsiku limodzi. Ikamakwana 1 koloko masana tembenukani, kaya mwafika kumene mumafuna kaya ayi, pakuti mu Juni dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti 5 ndipo pansi pa mitengo mdima umafulumira. Aliyense anyamule madzi malita awiri, atatu ngati kuli kotentha. Madzi a mumtsinje, ngakhale aoneke oyera bwanji, thirani WaterGuard, kachivindikiro kamodzi pa malita 20, mudikire mphindi 30. M'chikwama cha mtsogoleri mukhale mapaketi a Thanzi ORS (paketi imodzi pa lita imodzi), mabandeji, selotepi, tochi ndi wezulo. Valani nsapato zotseka ndi thalauza lolowetsa m'sokosi. Nkhupakupa zimadikira pansonga za udzu, makamaka kumene kumadya ng'ombe. Madzulo dzifufuzeni m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo.

Chimene chimaliritsa ana ambiri si njoka ayi, ndi chitedze. Chimayanga m'mphepete mwa mitsinje ndi m'zitsamba, ndipo zikhokhombe zake zikauma m'nyengo yachisanu, ubweya wake umathothoka ngakhale ndi kamphepo chabe. Wotsogolera akuonetseni chimodzi poyamba penipeni kuti aliyense achidziwe. Chikakugwerani musakande, chifukwa mukulowetsa ubweyawo mkati mwa khungu. Matani selotepi pamalopo n'kumatula kangapo, kenako tsukani ndi sopo, ndipo chovalacho chivulidwe.

Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi, kupatula mphiri, imene imangogona phee pakati pa masamba ouma. N'chifukwa chake chipika chogwa simuchidumpha. Kwerani pamwamba pake, yang'anani kuseri, kenako tsikani. Wina akalumidwa, musatemere, musayamwe, musamange chingwe cholimba: ululu wa mphiri umatupitsa ndi kuwononga mnofu, ndipo chingwe chimangowonjezera ngozi yoti mwendo udulidwe. Muvuleni mphete, chibangiri kapena nsapato kutupa kusanayambe, mangirirani mwendowo ku ndodo kuti usagwedezeke, munyamuleni asayende yekha, lembani nthawi imene walumidwa, n'kuthamangira naye kuchipatala. Osataya nthawi kusaka njokayo.

Moto wa m'tchire umathamanga kwambiri pokwera phiri kusiyana ndi potsika, chifukwa malawi amayamba awumitsa udzu wa kumtunda kwake. Mukaona utsi kumunsi kwanu musathawire kumtunda. Pitani cham'mbali, pathanthwe, mumtsinje kapena palupsa pamene papsa kale. Mulu wa dothi wooneka ngati manda aakulu, wofuka kautsi kapena ayi, ndi uvuni wa makala. Mwana asakwerepo, poti mkati mwake mumakhala moto masiku angapo ndipo pamwamba pamatha kugumuka. Mukapeza eni ake, perekani moni n'kupitirira. Musawajambule ndipo musayambe kuwalalikira. Nkhani ya makala kumeneku inafika poti boma linatumizako asilikali mu 2015, ndipo mlendo wonyamula kamera akhoza kutengedwa ngati kazitape. Zimene mwaona mukanene ku ofesi ya zankhalango mutatuluka.

Pa bowa tikhalitsepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene mlendo amaphunzira zambiri, ndiponso pamene angafere. Amayi a m'midzi yozungulira amasiyanitsa mitundu yambirimbiri: manyame achikasu, ndelema woyera, chipindi, ndi utale womera pachulu. Funsani mayi wozula bowa kumene amapeza manyame, adzakulozerani pansi pa mombo ndi msuku, osati m'munda. Bowa wotereyu amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo yamoyo; iye amathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi michere ya m'nthaka, mtengo n'kumamupatsa chakudya. Mtengo ukadulidwa bowayo amatha, ndipo salimika m'thumba ngati bowa wa oyisitala. Mwana wasukulu akaona zimenezi ndi maso ake, mayi akukanda masamba ndi kamtengo n'kutulutsa manyame patsinde pa msuku, safunanso kumuuza kuti nkhalango ndi ndiwo. Koma mlendo asazule yekha wokadya. Pali bowa wakupha wofanana kwambiri ndi ndelema, ndipo mitundu yoopsa kwambiri siyamba kupweteka nthawi yomweyo: munthu amatha maola 6 kapena kuposerapo ali bwinobwino, kenako kusanza ndi kutsegula m'mimba, n'kuoneka ngati wachira chiwindi chikuwonongeka. Kuphika sikuchotsa poizoni ameneyu, ndipo zoti bowa wodyedwa ndi tizilombo ndi wabwino n'zabodza. Gulani kwa amayiwo, pa mtengo umene anena, osanenerera mpaka kuwaliza.

Masuku tolani akugwa okha. Kugenda mtengo ndi miyala kapena kuumenya ndi chipika kuti zipatso ziyoyoke kumasupula khungwa, ndipo pabalapo ndi pamene pamalowera chiswe ndi kuola. Okonda mbalame akhale chete n'kumvetsera: m'miombo mbalame za mitundu yosiyanasiyana zimayenda pamodzi m'chigulu, ndiye mutha kuyenda theka la ola kuli zii, kenako mtengo umodzi n'kudzaza. Anthu amachokera kunja kudzafuna gogomole wotchedwa Stierling's woodpecker, amene amapezeka m'dera lochepa la Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Chokuzira mawu chija chitsale kunyumba.

Midzi ya m'mphepete mwa nkhalango ndi ya Achewa, ndipo mlendo adziwe zingapo. Mukaona kachitsamba ka mitengo ikuluikulu yothithikana pakati pa minda yoyera, amenewo ndi manda, ndipo nthawi zambiri ndi kumene kuli dambwe. Musalowemo kukafuna mthunzi kapena kukadzithandiza. Mlandu wake ngwaukulu. Mukakumana ndi Gule Wamkulu panjira, makamaka anthu akakolola, patukani, ponyani kandalama pansi, ndipo musajambule popanda chilolezo. Musadutse pakati pa mizere m'munda wa eni, musathyole nzimbe kapena chimanga m'dimba, ndipo pamadzi funsani kaye kuti amuna amasamba kuti, akazi kuti. Ana a m'mudzi musawaponyere maswiti pawindo la galimoto. Amathamangira matayala, ndipo mukuwaphunzitsa kupempha. Ngati muli ndi mphatso, siyani kwa amfumu kapena kwa aphunzitsi aakulu.

M'mapiri omwewa muli Kaphirintiwa, kumene mwambo wa Achewa umati anthu oyamba ndi nyama anatsikira ndi mvula, n'kusiya mapazi awo pathanthwe lisanaume. Chapafupi ndi ku Msinja, kumene kunali kachisi wa mvula wa Makewana, mayi amene ankatsogolera mapemphero a mvula. Malo amenewa ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Pitaniko ndi munthu amene amfumu akupatsani, chitani zimene akuuzani, ndipo musalembe maina anu pamiyala kapena kutolapo kanthu. Nkhani yomweyo imati munthu atapeka moto tchire linapsa, nyama zinamuthawa ndipo Chauta anakwera kumwamba. Ana aimvere pomwepo kuchokera kwa akuluakulu a kumeneko.

Pobwerera pali yesero limene ambiri amagwa nalo: thumba la makala lotsika mtengo m'mbali mwa msewu. Uvuni wadothi umadya nkhuni makilogalamu 7 mpaka 10 kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala, ndipo mitengo imene owotcha amaifuna ndi yomweyo ya mombo ndi tsamba imene mwakhala mukuisirira tsiku lonse. Kunyamula makala opanda chiphaso ndi mlandu, ndipo galimoto ikhoza kugwidwa. Sitikunyoza wowotcha, amene nthawi zambiri alibe pena pogwira. Msika wake ndife a m'tauni. Ndalama imeneyo gulirani uchi, bowa, masuku, mbatata, nkhuku yachikuda, ndipo lipirani bwino wokutsogolerani ndi wokulonderani galimoto. Zitsa za miombo zimaphukiranso zikatetezedwa ku moto wa mu Okutobala ndi ku nkhwangwa, ndipo mudzi umene ukupeza ndalama kwa alendo uli ndi chifukwa chozitetezera. Mapepala apulasitiki ndi mabotolo mubwerere nazo m'chikwama.

Kudzera m'nyuzi yanu, tikupempha nthambi ya zankhalango ndi Lilongwe Water Board kuti aike zikwangwani za m'Chichewa pamalo olowera, zolembapo malipiro ovomerezeka ndi nambala yoimbira pakagwa ngozi, ndiponso kuti aphunzitse anyamata ndi atsikana a m'midzi ya m'mphepete ntchito yotsogolera alendo ndi chithandizo choyamba, maina awo akhale kwa amfumu ndi ku ofesi, kuti mphunzitsi wokonza ulendo adziwe womufunsa sabata imodzi asananyamuke.

Ndife owerenga anu,
Okonda nkhalango, Lilongwe